Kuzindikira ndi kusintha nipo ya girisi pa ekiselo ya ngolo ya boti

Ngolo yonyamulira boti imakumana ndi vuto limene ngolo zina sizilidziwa. Imayenda mtunda wautali mahabu (zitsulo za pakati pa matayala, mmene mumakhala maberingi) n'kutentha, kenako mwiniwake amaibweza chafutambuyo mpaka matayala amire m'madzi kuti boti litsike. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chotero, mpweya wa mkati mwa habu umafinyika, ndipo habuyo imayamwa madzi kudzera pa silo ya kumbuyo (mphete ya labala yotsekera girisi) kapena paliponse pamene pali kampata. Madziwo akasakanikirana ndi girisi, maberingi amayamba kudyeka ndi dzimbiri ngolo ili chiimire. Njira yokhayo yolowetsera girisi watsopano popanda kuphwasula habu ndi kudzera pa nipo, kachitsulo kamene kawirikawiri sikafika n'komwe masentimita 2 kutalika. Nipo ikafa, ambiri amangoilumpha n'kunena kuti adzaona tsiku lina, ndiye tayala limenelo limayenda miyezi osalawa girisi.

Kusintha nipo ndi ntchito ya mphindi zochepa. Chimene chimaiwononga ndi kulota saizi. Nipo payokha ndi yotsika mtengo, koma bowo limene imalowamo nthawi zambiri lili pa sipindo, nsonga ya ekiselo imene habu imazungulirapo, ndipo pa ngolo zambiri sipindoyo anachita kuiwotcherera ku ekiselo. Mukadya mazinga a bowolo pokakamiza nipo yolakwika, kantchito ka pakhomo kamasanduka ntchito ya kumakina. N'chifukwa chake ndichedwa kwambiri pa kuzindikira, popeza kumanga kwenikweniko n'kosavuta.

Tsimikizani kaye kuti yafadi

Mkati mwa nipo muli kampira kachitsulo ndi kasipuling'i kamene kamakankhira kampirako kukamwa kuti katseke. Mukapopa, girisi amakankha kampira n'kudutsa. Mukasiya, kamabwerera pamalo pake kuti fumbi ndi madzi zisalowe. M'mabuku a zida mudzaipeza ikutchedwa grease nipple, grease fitting kapena zerk, dzina lochokera kwa Oscar Zerk amene analembetsa kapangidwe kake mu 1929. Onsewa ndi mayina a chinthu chimodzi.

Nipo yakufa imadziwika motere: mukupopa koma chogwirira cha chopopera chikulimba ndipo girisi sakulowa, kapena girisi akutulukira m'mbali mwa mlomo wa chopopera chifukwa mutu wa nipo waperepeseka, kapena mukangochotsa chopopera girisi akubwerera kunja chifukwa kampira kakanirira potsegula. Nthawi zina mutu umakhala utathyoka kale, kapena nipo yonse inagwa pamsewu n'kusiya bowo.

Komatu musafulumire kuiweruza. Ipukuteni bwinobwino ndi kasanza, kenako dinani kampirako ndi nsonga ya kamsomali. Kakalowa n'kubwerera, nipo mwina ndi yamoyo. Yesani chopopera chanu pa nipo ya tayala lina, chifukwa mano a mlomo wa chopopera amatha, ndipo mpweya ukatsekereka mkati mwake chimangopopa mphepo. Onetsetsaninso kuti mlomo wakhala molunjika pa mutu wa nipo. Zonsezi zikakhala bwino koma girisi osalowabe, ndiye pitirirani.

Kodi nipo yanu yakhala pati?

Funso limeneli ndi limene limasankha njira yonse imene mutsatire, choncho gwadani pafupi ndi tayala muone.

Mtundu woyamba ndi nipo ya kunsonga kwa sipindo. Pakati pa chivundikiro cha habu pamakhala kachotsekera ka labala, ndipo mukakatukula ndi sikuludiraiva mumaona nipo ili pakatikati pa nati yaikulu. Kampani yopanga maekiselo ya Dexter imatcha kapangidwe kameneka E-Z Lube, ndipo makampani ena ali ndi mayina awo. Sipindo anaiboola m'litali mwake, moti girisi amayenda mkati mwa chitsulo n'kukatulukira kumbuyo, pakati pa silo ndi beringi ya mkati. Kuchokera pamenepo amabwerera kudzera m'beringi ya mkati, m'mimba mwa habu, m'beringi ya kunja, mpaka kutulukira kutsogolo pafupi ndi nati. Nipo imeneyi sizungulira. Zimene zimazungulira ndi habu ndi chivundikiro chake, ndipo mfundo imeneyi muikumbukire posankha nipo yatsopano.

Mtundu wachiwiri uli pa chivundikiro chenichenicho, chimene anachikhomera m'kamwa mwa habu m'malo mwa chivundikiro wamba. Chodziwika kwambiri ndi Bearing Buddy. Mkati mwake muli pisitoni ndi sipuling'i zimene zimapanikiza girisi pang'ono, pafupifupi 3 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu yopanikizira), kuti habu ikamira madzi asapeze polowera. Nipo ili pakati pa pisitoniyo ndipo imazungulira limodzi ndi tayala. Pa mtundu umenewu ine sindiona phindu lolimbana ndi nipo yokha ngati chivundikiro chadyeka ndi dzimbiri kapena pisitoni yakanirira. Sinthani chonse. Chimachoka pochimenya pang'onopang'ono m'mbali ndi hamala ya labala uku mukutembenuza tayala, ndipo chatsopano chimasankhidwa poyeza kukula kwa kamwa la habu. Saizi yofala kwambiri ndi mainchi 1.980, amene ndi mamilimita 50.3, koma zilipo zina zosiyana nayo pang'ono zedi, choncho yezani.

Palinso manipo ena amene si a maberingi: pa mabawuti a masipuling'i a ngolo, pa jeki ya kutsogolo, ndi pa chokolekera cha ngolo zina za mabuleki. Amasinthidwa mofanana ndi momwe ndifotokozere pansipa.

Chenjezo lalikulu lili pa mabuleki. Pa kalipa (chitsulo chofinya mapadi a mabuleki), kapena kuseri kwa mbale ya mabuleki a diramu, pali kachitsulo kotulutsira mpweya m'mafuta a mabuleki, ndipo kamafanana ndi nipo moti munthu wothamanga akhoza kukapopera girisi. Kusiyana kwake n'koti kameneka kalibe kampira kukamwa, kali ndi bowo lotseguka, ndipo kamakhala pafupi ndi paipi ya mabuleki. Musakakhudze. Ndipo ngati habu yanu ilibe nipo paliponse, musaboole kuti muikemo. Ena ndi mahabu opakidwa girisi ndi manja, ena ndi oyendera oyilo kapena omatidwa kufakitale, ndipo amasamalidwa mwa njira yawoyawo.

Kukonzekera

Mufunika masipanala otsekeka kapena masoketi a makona 6 a mamilimita 7, 8, 9 ndi 11, pulayala yokhoma, mafuta olowerera omasulira dzimbiri, burashi ya waya, nsanza zambiri, vaniya yoyezera, chopopera girisi cha pamanja, ndi magalasi oteteza maso.

Imikani ngolo pamalo olimba ndi athyathyathya. Ndi bwino boti litatsitsidwa, koma ngati lili pompo likhale lomangidwa. Siyani ngolo ili chikolekere ku galimoto, ndipo ikani zopinga kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala la mbali inayo. Kungomasula nipo sikufuna kunyamula ngolo, koma popopa girisi tayala liyenera kuzungulira, ndiye mudzainyamulabe. Ikani jeki pansi pa chasisi, osati pakati pa paipi ya ekiselo chifukwa ikhoza kupindika, ndipo ngolo ikakwera ikhazikeni pa sitandi. Jeki yokha si yoikhulupirira pamene manja anu ali pa tayala.

Tayala likadali m'mwamba, ligwireni pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza, kenako lizungulitseni mukumvetsera. Likamagwedera kwambiri kapena kulira mokhadzula, beringi yatha kale, ndipo nipo yatsopano sichiza zimenezo.

Kuchotsa yakale

Yambani ndi kuyeretsa. Chotsani girisi yense wakale, mchenga ndi dzimbiri kuzungulira nipo, chifukwa nipo ikangochoka bowolo ndi njira yolunjika ku maberingi. Ngati kachotsekera ka labala sikakupatsani malo okwanira soketi, chotsani chivundikiro chonse pochigogoda m'mbali.

Tsopano yang'anitsitsani patsinde pa nipo. Ngati pali makona 6 ogwirapo sipanala, mosakayikira ndi ya mazinga. Ngati tsinde ndi lozungulira lopanda makona, ndi yokhomera, kutanthauza kuti anachita kuimenya kuti ilowe m'bowo lopanda mazinga.

Pa ya mazinga, thirani mafuta olowerera patsinde, pang'ono chabe, n'kudikira mphindi 10 kapena 15. Sankhani soketi imene ikugwira makona popanda kugwedera. Sipanala yotsegula kukamwa ndi sipanala yosinthasintha zimapererepesa makona aang'ono ngati amenewa, ndiye zipeweni. Tembenuzirani kumanzere, mosemphana ndi kayendedwe ka wotchi, ndipo zili choncho pa matayala a mbali zonse ziwiri. Ikakana, musawonjezere mphamvu. Khosi la nipo ndi lopyapyala komanso lobooka mkati, limaduka msanga. Ibwezereni kumanja pang'onong'ono ngati mukuimanga, kenako kumanzere, mobwerezabwereza, mukuwonjezera mafuta, mpaka dzimbiri lilekerere. Moto musauyandikitse, chifukwa girisi amayaka ndipo silo ya labala imapsa.

Pa yokhomera, igwireni ndi pulayala yokhoma patsinde, muziipotoza uku ndi uku mukukoka molunjika. Mukamaitukulira mbali imodzi yokha mukulitsa bowo, ndipo yatsopano sidzagwira. Nthawi zina mumapeza nipo imene ikungozungulira osatuluka. Imeneyo mwina ndi yokhomera, mwina ndi ya mazinga amene anadyeka kale. Ikokeni mukuitembenuza, ikatuluka tsinde lake likuuzani: yokhomera ili ndi timizere tozungulira tosalumikizana, pamene mazinga ndi mzere umodzi wokwera mopendama.

Ikachoka, tsekani bowo ndi kasanza koyera, ndipo yakaleyo musaitaye. Ivekeni pa mlomo wa chopopera mupope kamodzi mutailozetsa pansi. Girisi akadutsa bwinobwino, ndiye kuti chatseka si nipo koma kanjira ka mkati mwa sipindo, kamene kadzaza girisi wouma. Pisanimo kawaya koyera kolimba kuti mufukule. Kakakanabe, habu iyenera kuchoka kuti mutsegule kanjirako kuchokera mbali zonse ziwiri.

Kudziwa mazinga ake

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mutu wa nipo, pamene chopopera chimagwira, ndi wofanana pa manipo ambiri, n'chifukwa chake onse amaoneka amodzi. Kusiyana kuli kumunsi, ndipo pali magulu awiri amene amasokoneza ngakhale amakanika.

Gulu laling'ono lili ndi M6x1 ndi 1/4-28. Ya M6x1 ndi mamilimita 6 kukula kwake, ndipo kuchoka pa zinga limodzi kufika pa linzake ndi milimita imodzi. Ya 1/4-28 ndi mamilimita 6.35, ndi mazinga 28 pa inchi, kutanthauza pafupifupi mamilimita 0.9 pakati pa mazinga. Ndi maso simungasiyanitse. Choopsa n'choti M6 imalowa m'bowo la 1/4-28 kazungulire kamodzi kapena kawiri mosavuta, munthu n'kuganiza kuti yakwana, kenako imayamba kulimba chifukwa mazinga asemphana, iye n'kutenga sipanala. Ikamalimba choncho imakhala ikudya mazinga a sipindo. Maekiselo opangidwa ku America kawirikawiri amakhala ndi 1/4-28, ndipo a ku Ulaya amakhala ndi za mamilimita, koma zimenezi zingokuthandizani poyambira, si umboni, chifukwa mwina wina anasinthapo kale.

Gulu lalikulu lili ndi zitatu: M10x1 ya mamilimita 10, 1/8-27 NPT ya mamilimita pafupifupi 10.3, ndi 1/8-28 BSP ya mamilimita pafupifupi 9.7. NPT ndi BSP ndi mitundu ya mazinga a mapaipi, ndiye nambala ya 1/8 isakupusitseni, ndi saizi ya paipi, si kukula kwa mazinga. Pakati pa magulu awiriwa pali M8x1.

Sipanala imene yagwira imakupatsani chithunzi choyamba. Manipo a mamilimita kawirikawiri amagwidwa ndi 7 pa M6, 9 pa M8 ndi 11 pa M10. Ya 1/4-28 nthawi zambiri imagwidwa ndi 5/16 ya inchi, imene ili pafupi ndi mamilimita 8, ndipo ya 1/8 NPT ndi 7/16, imene ili pafupi ndi 11. Mukuona kuti pa gulu lalikulu sipanala siithandiza kwenikweni.

Ndiye tsukani nipo yakale muiyeze ndi vaniya pa mazinga. Yezani malo awiri, kunsonga ndi kutsinde. Ngati kunsonga n'kochepa kuposa kutsinde, mazinga ake ndi osongoka, amene amamata okha akamalowa. Manipo ambiri ndi otero. Kenako yezani kutalikirana kwa mazinga ndi kachipangizo koyezera mazinga ngati muli nako. Ngati mulibe, nati wamba ya M6 ndi mboni yabwino, chifukwa mazinga ake ndi a milimita imodzi: nipo ya M6x1 imalowamo ndi zala, pamene ya 1/4-28 imakana. Njira imeneyi siigwira pa M8 ndi M10, chifukwa nati wamba za saizi zimenezo zili ndi mazinga a 1.25 ndi 1.5, pamene a manipo ambiri ndi a 1. Chimodzimodzinso nati wamba ya 1/4 ili ndi mazinga 20 pa inchi, ndiye poyesa 1/4-28 mufunika nati ya mazinga aang'ono ya UNF.

Kuyesa kotsiriza, kumene ndimakukhulupirira kwambiri, ndi kulumanitsa yakale ndi yatsopano. Gwirizanitsani mazinga a ziwirizo, imodzi italoza uku inzake uko, n'kuziyang'ana moloza kuwala. Zikakhala zofanana, mazinga onse amalowana osasiya mpata. Zikasiyana, awiri oyamba amalowana koma otsatira amayamba kukwerana.

Nanga ngati yakale inagwa pamsewu? Masulani ya tayala la mbali inayo muyeze imeneyo. Ngati ndi yokhomera, yezani bowo lenilenilo. Saizi zofala ndi 3/16, 1/4 ndi 5/16 ya inchi.

Zatsala ziwiri zoyang'ana. Choyamba ndi maonekedwe. Pali manipo owongoka, a madigiri 45 ndi a madigiri 90. Kunsonga kwa sipindo ikani wowongoka basi, ndipo kutalika kwake kusapose kwa yakale, chifukwa paja chivundikiro chimazungulira pamene nipo yaima. Yaitali imakhula kachotsekera ka labala mpaka kukaboola, madzi n'kupeza khomo. Chachiwiri ndi chitsulo chake. Manipo wamba ndi achitsulo chokutidwa ndi zinki, ndipo m'madzi a mchere sachedwa kuchita dzimbiri. Pa ngolo ya boti gulani ya chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo gulani zingapo kuti zina mukhale nazo m'bokosi la zida.

Ikathyokera mkati kapena mazinga akadyeka

Nipo ikaduka n'kusiya tsinde m'bowo, musataye mtima, chifukwa tsindelo lili kale ndi bowo pakati. Chotsani kampira ndi kasipuling'i ngati zatsalira, kuti zisakankhidwire mkati. Thirani mafuta olowerera, lowetsani kachipangizo kozulira mabawuti oduka, kamene ambiri amakatcha easy-out, kagogodeni pang'ono kuti kalume, n'kutembenuzira kumanzere ndi dzanja lofatsa. Kachipangizoka ndi kolimba kwambiri koma kosapindika, moti kakathyokera mkati dirilo wamba sikaboola. Mukamva kakupotoka tsinde osasuntha, imani pomwepo.

Kakalephera, chotsatira ndi kuboola, ndipo apa maganizo anga ndi oti habu ichoke kaye. Zinyenyeswa zachitsulo zikagwera m'kanjira ka girisi, kupopa koyamba komwe kuzipititsa m'maberingi. Habu itachoka mukhoza kuboola, kutsuka, n'kupopa girisi mpaka atuluke woyera pa kabowo ka kumbuyo kwa sipindo. Pobweza habu muikenso silo yatsopano. Boolani ndi kadirilo kochepa kuposa mazinga, mwachitsanzo kosaposa mamilimita 5 pa bowo la M6x1, ndipo dirilo yozungulira chakumanzere imathandiza chifukwa nthawi zina imatulutsa tsinde ikuboola.

Mazinga a bowo akangophwanyika pang'ono, akonzeni ndi tap (kachipangizo kodulira mazinga m'bowo) ya saizi yomweyo. Ipakeni girisi m'mipata yake kuti zinyenyeswa zimatirire, ilowetseni molunjika, theka la kuzungulira kutsogolo, pang'ono kumbuyo, ndipo muziitulutsa n'kuipukuta pafupipafupi. Akadyekeratu, njira imene ilipo ndi kukulitsa bowo kuti lilandire saizi yotsatira. Pa bawuti ya sipuling'i kapena pa jeki mukhoza kuchita nokha. Pa sipindo ayi, pitani nayo kwa wodziwa za makina. Nsonga imeneyo ndi imene yanyamula nati yogwira tayala lonse, ndipo si malo ochepetsapo chitsulo mongoyerekeza.

Kumanga yatsopano

Musanaimange, ivekeni pa chopopera mudutsemo girisi pang'ono. Mukatero mwatsimikiza kuti ndi yamoyo komanso mwatsuka fumbi la mkati mwake. Pukutani bowo, pakani kagirisi pa mazinga, n'kuyamba kuimanga ndi zala zokha. Iyenera kuzungulira kawiri kapena katatu mosavuta. Ikalimba pa kuzungulira koyamba, kapena ikamagwedera m'bowo, itulutseni mubwerere kukayeza. Sipanala isagwire nipo imene zala zaikana.

Zala zikafika polekezera, malizani ndi soketi, mutaigwira pafupi ndi mutu kuti mphamvu isachuluke. Ya mazinga osongoka imafuna theka la kuzungulira kapena kuzungulira kamodzi kuti imate, ndipo zinga limodzi kapena awiri akatsala kunja palibe cholakwika, ndi mmene inapangidwira. Musaithamangitse kuti tsinde likagunde chitsulo, ndi pamene ambiri amaidula. Tepi yoyera ya mapaipi a madzi musaikulungepo, chifukwa tizidutswa take timatseka kanjira ka girisi.

Yokhomera imafuna kachipangizo kake kokhomera, kapena kasoketi kakang'ono koti kavale mutu n'kukhala paphewa la nipo. Iimikeni molunjika, menyani kasoketiko pang'onopang'ono mpaka phewa likhale pa chitsulo. Hamala isagunde mutu wa nipo, ikatero kampira kamaphwanyika musanapope n'komwe. Ikalowa mosavuta kwambiri moti mukhoza kuizula ndi zala, bowo lakula, ndipo iuluka mukangopopa.

Kupopa girisi ndi kuona zotsatira

Gwiritsani ntchito girisi wa maberingi a matayala wopirira madzi, wa kulimba kwa NLGI 2. Dexter amalangiza wa mtundu wa lithium complex pa maekiselo awo, ndipo ambiri a girisi a ngolo za maboti ndi a mtundu umenewo kapena a calcium sulfonate. Chofunika n'kusasakaniza mitundu mwachisawawa, popeza ina ikakumana imasungunuka n'kutuluka m'beringi. Ngati simukudziwa amene ali mkati, ndi bwino kutsuka habu yonse n'kuyambiranso.

Popani ndi chopopera cha pamanja, osati choyendera mpweya kapena batire. Ngakhale cha pamanjacho chikhoza kufika 10,000 psi, mphamvu yoposa kutalitali imene silo ingapirire, komanso yokwanira kulowetsa girisi pansi pa khungu. Musatseke mlomo wake ndi chala poyesa. Zikachitika mwangozi, thamangirani kuchipatala ngakhale bala likuoneka laling'ono.

Pa nipo ya pa sipindo, popani pang'onopang'ono uku mukuzungulitsa tayala ndi dzanja lina. Kuzungulitsako kumathandiza girisi kudutsa pakati pa timagudumu ta beringi m'malo mokankha silo. Poyamba sipaoneka kanthu, kenako girisi wakale amayamba kutuluka kuzungulira nati. Muzimuchotsa ndi kasanza, ndipo pitirizani mpaka watsopano aonekere. Chogwirira chikalimba mwadzidzidzi, lekani, pali chatseka.

Pa chivundikiro cha sipuling'i ndi zosiyana, chifukwa girisi sadutsa n'kutulukira kutsogolo ngati mmene amachitira pa mtundu winawo. Popani mpaka pisitoni isunthire kunja pafupifupi mamilimita 3, kapena mpaka izigwedera mukaidina m'mphepete. Zikatero zakwana. Kupitiriza kudzaza mpaka sipuling'i ifinyikiretu kukhoza kuphulitsa silo.

Pochotsa chopopera musakoke molunjika. Pendeketsani mlomo chammbali mukuupotoza, ndipo ukakanirira masulani pang'ono kuti mphamvu ya mkati ithe. Yang'anani pakamwa pa nipo ngati girisi sakubwerera, ndi patsinde ngati sakudontha. Kenako suzumirani kuseri kwa habu ndi tochi. Girisi akaoneka kumeneko, silo yalephera ndipo iyenera kusinthidwa ulendo usanayambe, makamaka pa ngolo ya mabuleki, chifukwa girisi akafika pa mapadi tayala limenelo silimanganso.

Girisi wakale amene watuluka musamutaye musanamuone. Wakuda chabe ndi wokalamba. Wotuwa ngati mkaka ndiye kuti munalowa madzi. Wofiirira ali ndi dzimbiri, ndipo wonyezimira mukamupaka pakati pa zala ali ndi chitsulo cha beringi. Pa atatu otsirizawa, phwasulani habu, tsukani maberingi muwaone ndi maso, ndipo aliwonse amene ali ndi timaenje kapena mabala a dzimbiri asinthidwe pamodzi ndi mphete zake. Ngakhale zonse zitaoneka bwino, Dexter amati maberingi aziwaona miyezi 12 iliyonse kapena mamailosi 12,000, amene ndi makilomita pafupifupi 19,000, ndipo ngolo yolowa m'madzi kawirikawiri imafuna kuonedwa nthawi imeneyo isanakwane.

Pukutani girisi wotsala m'chivundikiro kuti musiye kampata ka mpweya, bwezerani kachotsekera ka labala, ndipo ngati kauma kapena kang'ambika ikani katsopano. Tsitsani ngolo, yendani nayo makilomita 10 kapena 15, imani pamalo abwino n'kuyandikitsa kuseri kwa dzanja pa habu iliyonse. Kufunda n'kwabwinobwino, ndipo habu yodzazidwa kumene imafundirapo pang'ono. Koma ngati imene inali ndi nipo yakufa ikuotcha kuposa inzake moti simungaigwire, beringi yake inawonongeka pa nthawi imene inkayenda youma. Bwererani nayo pang'onopang'ono mukaiphwasule boti lisanakwerenso.